Umembala wa CWU kwa wogawa makalata ku Mangalande: kodi ndalama imene munthu amadulidwa imabweza chiyani?

Anzathu ochokera ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete amene ali ku Mangalande timawadziwa kwambiri ndi ntchito yosamalira odwala ndi okalamba, koma alipo ena ndithu amene amadzuka kusanache kukasanja ndi kugawa makalata ndi maphaselo kukampani ya Royal Mail, ena monga aganyu a nyengo ya Khirisimasi, ena olembedwa ntchito mokhazikika. Munthu wotere sapita patali asanapatsidwe fomu yolowera bungwe la anthu ogwira ntchito la Communication Workers Union, lomwe aliyense amangolitchula kuti CWU, ndipo funso lomwe amafunsa anzake limakhala limodzimodzi: kodi n'koyenera kulola kuti pamalipiro ochepa kale pazichoka ndalama ina? Ndalemba ndemanga ino monga membala, ndipo ndikuyesa umembalawu mofanana ndi mmene munthu angayesere ntchito ina iliyonse imene amailipirira, poona zomwe amalandira, nkhani zomwe amauzidwa, zochitika za panthambi ya bungweli ya m'dera lake ndiponso malo amene pakuperewera.

Bungweli linakhazikitsidwa mu 1995 pamene mabungwe awiri, Union of Communication Workers ndi National Communications Union, anaphatikizana. Likulu lake lili ku Wimbledon mumzinda wa London, ndipo mlembi wamkulu wake kuyambira 2015 ndi a Dave Ward, amene nawonso anayambira ntchito kupositi. Limaimiranso ogwira ntchito kumakampani a matelefoni monga BT, koma gawo lake lalikulu ndi la anthu a makalata. Obwera kumene ayenera kudziwa kuti Royal Mail, yomwe imanyamula ndi kugawa makalata, ndi yosiyana ndi Post Office, yomwe ili ndi makauntala ogulitsirapo masitampa. Ziwirizi zinalekanitsidwa mu 2012, ndipo chaka chotsatira boma linagulitsa masheya a Royal Mail kwa anthu wamba. Ndalama ya umembala imasiyana malinga ndi maola amene munthu amagwira, kotero kuti wa maola ochepa amalipira yocheperapo, ndipo kulembetsa kwake sikuvuta chifukwa kumatheka ngakhale pafoni.

Chinthu chimene chimapangitsa ndalamayi kukhala yaphindu, mwa kuona kwanga, si likulu la ku Wimbledon ayi, koma munthu mmodzi wa muofesi yanu yomweyo, woimira antchito amene onse amamutcha rep. Ameneyu ndi wogawa makalata mnzanu, wosankhidwa ndi anzake, wovala yunifolomu yofiira ngati inu, ndipo m'mawa amaima pashelefu yake kusanja makalata a m'dera lake monga wina aliyense. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amadziwa mapangano amene bungwe linasainirana ndi kampani, ndipo mapanganowo ndi amene amalamulira zinthu zing'onozing'ono zimene zimadya mtima wa munthu tsiku ndi tsiku: nthawi yoyambira ndi yowerukira, kagawidwe ka ovataimu, kasankhidwe ka masiku a tchuthi, kulemera kwa chikwama, ndiponso zoyenera kuchita ngati katundu wachuluka moti simungamalize m'maola anu. Wobwera kumene, makamaka wochokera kwathu kumene tinaleredwa mosayankha akuluakulu, amangovomera chilichonse chimene bwana wanena, n'kumathamanga ndi maphaselo mpaka madzulo popanda kulemba maola owonjezerawo. Rep wabwino amamuitanira pambali munthu wotereyu n'kumuuza kuti ali ndi ufulu wonena m'mawa momwemo kuti katundu wa lero sakwana m'nthawi yake, ndi kuti kugwira ntchito yaulere kumapweteka ofesi yonse, chifukwa mabwana akaona dera likutha amaganiza kuti n'lopepuka, mawa lake n'kuliwonjezera misewu ina.

Phindu lenileni limaoneka munthu akaitanidwa kukayankha mlandu wa pantchito, kaya ndi wojomba chifukwa cha matenda, phaselo losowa, kapena kugunditsa galimoto ya kampani. Lamulo la Employment Relations Act la 1999 limapatsa wogwira ntchito ufulu wopita kumsonkhano wa chilango kapena wa madandaulo ndi mnzake wa pantchito kapena woimira bungwe. Wotsagana nayeyo amaloledwa kufotokoza mbali ya mwini mlandu, kuyankhapo pa zomwe zanenedwa ndi kukambirana naye pambali, koma saloledwa kuyankha mafunso m'malo mwake. Mnzanu wamba angathe kukhala pambali panu kukulimbitsani mtima, koma rep wophunzitsidwa amachita zoposa pamenepo. Ndinaonapo mayi wina amene ndi rep akukonzekeretsa mnyamata wa ku West Africa amene anaitanidwa chifukwa chodwala kangapo m'miyezi yochepa. Anakhala naye m'kantini, kope lili patebulo, n'kumufunsa tsiku ndi tsiku kuti anadwala chiyani, kalata ya dokotala ili kuti, ndiponso ngati mabwana anamufunsapo za thanzi lake atabwerera kuntchito monga mmene ndondomeko imanenera. Pamapeto pake zinapezeka kuti masiku ena amene anawerengedwa anali a bondo limene analivulala ali pantchito pomwepo, ndipo mayiyo anapempha kuti amenewo aonedwe padera. Mnyamatayo akanalowa yekha akanangopepesa ndi kusaina. Panalibe kukalipa kulikonse pamenepa, koma kudziwa tsamba limene mfundo yalembedwa, ndiponso kulimba mtima kopempha kuti msonkhano uime kaye kwa mphindi zingapo pamene mwini mlandu wayamba kusokonezeka.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti utumiki umenewu sufanana paliponse, chifukwa umadalira munthu. Rep ndi wodzipereka, ndipo amasankhidwa ndi anzake popanda mayeso alionse, motero ofesi ina ingakhale ndi wakhama pamene ina ili ndi wofatsa kwambiri kapena ilibiretu. Chomwe chimathandiza n'chakuti pamwamba pake pali woimira chigawo chonse, amene amayendera maofesi angapo, ndiponso mlembi wa nthambi, ndipo membala ali ndi ufulu wowaimbira mwachindunji ngati nkhani yake ndi yaikulu kapena ngati sakukhutira. Nambala zawo zimakhala pabolodi la bungwe pafupi ndi khomo kapena m'kantini, ndipo n'chanzeru kuzijambula pafoni tsiku loyamba. Chinanso n'chakuti mabungwe a antchito kawirikawiri sathandiza mokwanira pa mlandu umene unayamba munthu asanalembetse. M'mbali imeneyi umembala uli ngati magulu athu aja osonkherana za maliro kuti thupi libwerere kumudzi: amene amakana kusonkha ali bwino sangayembekeze kulembedwa dzina tsiku limene zagwa.

Gawo lachiwiri limene ndimaliyamikira ndi la chitetezo ndi thandizo la maloya. Kwa amene sanagwirepo ntchitoyi nkhani ya agalu imamveka ngati nthabwala, koma chiwerengero chimene Royal Mail imatulutsa chimasonyeza kuti m'zaka zaposachedwapa antchito ake amaukiridwa ndi agalu nthawi zoposa 2,000 pachaka, ena pageti, ena pakhomo mwini nyumba akamatsegula kuti asainire phaselo, ndipo ena amalumidwa zala polowetsa kalata pakabowo ka chitseko. Kale lamulo lokhudza agalu oopsa silinkagwira ntchito galu akaluma munthu pabwalo la mwini wake, pamene ndi pomwe wogawa makalata amalumidwira nthawi zambiri. CWU inalimbana ndi nkhaniyi kwa zaka zingapo mpaka mu 2014 lamulo la ku England ndi Wales linasinthidwa kuti lizifika ndi pamalo a eni ake. Membala akavulala pantchito angathe kupita ku UnionLine, kampani ya maloya imene CWU inakhazikitsa pamodzi ndi bungwe lina la antchito la GMB, kuti imutsatirire chipukuta misozi popanda iye kufunafuna loya wapadera. Kwa munthu amene sadziwa mayendedwe a makhoti a dziko lino ndipo alibe wachibale wa zamalamulo, thandizo ili lokha lingakwanire kubweza zopereka za zaka zambiri. Palinso kandalama ka chipepeso kamene bungwe limapereka kubanja membala akamwalira, ngakhale kuti si kokwanira kunyamulira thupi kupita kwathu, choncho pasakhale wosiya gulu lake la maliro poganiza kuti wapeza mlowam'malo.

Pa nkhani zimene mamembala amalandira m'pamene maganizo anga agawikana. Njira zake ndi zambiri: magazini yotchedwa The Voice, makalata opita kunthambi omwe amadziwika ndi zilembo zakuti LTB ndipo amakhala ndi nambala yake iliyonse, mavidiyo a pa Facebook ndi YouTube momwe atsogoleri amayankha mafunso, ndiponso magulu a WhatsApp a muofesi. Pa liwiro palibe chodandaula, chifukwa nthawi ya mkangano nkhani imafika pafoni zokambirana zikangotha. Vuto lili pa kalembedwe. Ma LTB amalembedwera akuluakulu a nthambi amene akhala m'bungwemo zaka zambiri, ndipo amadzaza ndi zidule za mayina a mapangano ndi makomiti zomwe ngakhale mbadwa ya ku England imene yangoyamba kumene ntchito singazimve. Kalata ya masamba anayi ingathe kukamba za kusintha kwa nthawi yoyambira ntchito popanda kunena m'chiganizo chimodzi chomveka kuti kuyambira sabata yakuti mudzayamba mochedwerapo ndi mphindi zakuti, pamene chimenecho n'chomwe mayi wokatenga mwana kusukulu masana akufuna kudziwa. Mavidiyo nawo amatalika, ndipo m'munsi mwake ndemanga za mamembala okwiya zimachuluka kotero kuti wongofuna mfundo amatuluka mutu uli zweee. Nthambi zina zimalemba kakalata kawo ka tsamba limodzi kofotokoza zonsezi m'Chingerezi chapafupi, ndipo kumene zimenezi zimachitika anthu amadziwa zambiri kuposa amene amangotumiziridwa zikalata za kulikulu momwe zilili.

Njira imene imaposa zonsezi ndi yakale kwambiri, msonkhano wa pageti. Antchito amatuluka panja pa ofesi m'mawa, ena atanyamula makapu a tiyi, mpweya ukuoneka potuluka m'kamwa chifukwa cha chisanu, ndipo woimira chigawo amaima pamalo okwera pang'ono n'kufotokoza nkhani kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, kenako n'kulandira mafunso. Pamenepa palibe pobisala kuseri kwa mawu akuluakulu, chifukwa wina amafunsa molunjika kuti kodi Loweruka tiziweruka nthawi yanji, ndipo yankho liyenera kuperekedwa pomwepo anthu onse akumva. Amene sanazolowere kayankhulidwe kothamanga ka m'madera ena a dziko lino asachite manyazi kumutsatira rep pambuyo pake kuti awabwerezere.

Sindingayese umembalawu popanda kukamba za sitalaka ya 2022, chifukwa ndi imene inaonetsa mphamvu za bungweli ndi malire ake. Mu Julaye chaka chimenecho mamembala okwana 97.6 pa 100 alionse amene anaponya voti anavomereza kunyanyala ntchito pa nkhani ya malipiro, ndipo antchito pafupifupi 115,000 ananyanyala kwa masiku 18 pakati pa Ogasiti ndi Disembala, osalandira malipiro a masiku amenewo m'nyengo imene mitengo ya zakudya ndi magetsi inali itakwera kwambiri. Kumayambiriro kwa 2023 komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona zamalonda inaitana mkulu wa Royal Mail panthawiyo, a Simon Thompson, ndipo inawaitananso kachiwiri antchito ambiri atalembera komitiyo kutsutsa zomwe ananena pa nkhani ya kutsogoza maphaselo makalata n'kumatsalira ndiponso pa kagwiritsidwe ntchito ka timakina ta m'manja timene wogawa makalata amayenda nato. Bamboyo analengeza zotula pansi udindo mu Meyi 2023. Mgwirizano wothetsa mkanganowo unavomerezedwa mu Julaye 2023 ndi mamembala pafupifupi atatu mwa anayi alionse amene anavota, ndipo unabweretsa kukwera kwa malipiro kwa 10 pa 100 kogawidwa m'zaka zitatu pamodzi ndi ndalama yapadera ya kamodzi. Milandu ya amene anachotsedwa kapena kuimitsidwa ntchito nthawi ya mkangano inaperekedwa kwa katswiri wa zamalamulo, Lord Falconer, kuti aiunikenso, ndipo ambiri a iwo zilango zawo zinasinthidwa.

Komabe mgwirizano womwewo unasiya bala limene likukhudza kwambiri owerenga ndemanga ino. Kuyambira kumapeto kwa 2022 kampani inayamba kulemba antchito atsopano pa mfundo zotsika poyerekeza ndi za akale, ndipo mgwirizano wa 2023 sunathetse kusiyanaku. Zotsatira zake n'zakuti anthu awiri angathe kukwera galimoto imodzi, kugawa mumsewu umodzi ndi kunyowa ndi mvula imodzi, koma wina akulandira zochepa pa ola lililonse. Popeza anzathu ambiri analowa ntchitoyi posachedwa, iwo ndi amene ali mbali yotsikayo, ndipo akafunsa kuti n'chifukwa chiyani azilipira bungwe limene linasaina mgwirizano wowasiya m'munsi, funso lawo ndi lomveka ndipo siliyenera kuyankhidwa ndi nyimbo za umodzi. Atsogoleri amanena kuti kampani inali pamavuto a zachuma ndipo mfundozo inaziika yokha popanda chilolezo chawo, ndiponso kuti kufananitsa antchito akale ndi atsopano n'kumene akumenyera tsopano. Mfundo imeneyi inalowadi m'pangano limene bungweli linachita mu Disembala 2024 ndi kampani ya EP Group ya mpondamatiki wa ku Czech Republic, a Daniel Křetínský, imene inagula kampani yomwe ndi mwini wa Royal Mail pamtengo wa mapaundi 3.6 biliyoni. Ine ndimaona kuti lonjezo limeneli ndiye muyeso woyenera kuyesera utsogoleri wa bungweli, ndipo wogwira ntchito watsopano ali ndi chifukwa chokwanira cholifunsira pamsonkhano uliwonse. Chodziwika n'chakuti amene sali membala alibe voti pa mgwirizano wotsatira, ndipo atsopano akamakhala kunja mochuluka, mawu a akale ndi amene amamveka okha.

Za mavoti pali kanthu kena koyenera kusamala. Mavoti a sitalaka a 2019 ndi 2022 anayenda kudzera m'makalata otumizidwa kunyumba ya membala aliyense monga mmene lamulo linkafunira, ndipo mu 2019 khoti lalikulu linaletsa sitalaka imene mamembala 97 pa 100 alionse ovota anavomereza, chifukwa ena anatenga mapepala awo ovotera kuofesi komwe ankasanja makalata asanafike kunyumba zawo. Ife timasamuka kawirikawiri, lero chipinda chobwereka, mawa nyumba yogawana ndi anzathu, choncho aliyense akasamuka adziwitse nthambi keyala yatsopano, apo ayi pepala lake lidzagwera pakhomo la eni ake ena.

Zochitika zina za panthambi sizifuna mawu ambiri. Pamakhala msonkhano waukulu wa pachaka wosankha atsogoleri ndi kumva za chuma cha nthambi, maphunziro a amene akufuna kukhala oimira anzawo kapena oyang'anira chitetezo, magulu a amayi, achinyamata, anthu akuda ndi opuma pantchito, ndiponso zosonkherana mnzathu akadwala nthawi yaitali. Kumisonkhano yotere kumabwera anthu ochepa, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa: munthu amene wadzuka usiku n'kuyenda wapansi tsiku lonse safuna kutulukanso madzulo. Koma kuchepa kwa anthuko kumatanthauzanso kuti wobwera amamveka, ndipo wofuna udindo sapikisana ndi khamu. Nkhani ya penshoni yokha ndiyo ndingalimbikitse aliyense kuti akaifunse bwino kunthambi, chifukwa mu Okutobala 2024 inayamba ndondomeko yatsopano yotchedwa Royal Mail Collective Pension Plan, yoyamba ya mtundu wake m'dziko lino, imene inachokera pa mgwirizano wa bungweli ndi kampani wa 2018. Amene akuganiza zodzabwerera kumudzi akakalamba ayenera kudziwa msanga kuti amayamba liti kuwerengeredwa ndiponso kuti ndalamayo idzawapeza bwanji.

Ntchito yeniyeniyo ikusintha mofulumira, ndipo apa m'pamene kufunika kwa woimira antchito kukukulira. Makalata atsika kuchoka pa 20 biliyoni pachaka cha m'ma 2004 kufika posakwana 7 biliyoni, pamene maphaselo akuchuluka ndi kulemera. Bungwe la boma loyang'anira za mtokoma, Ofcom, linalipiritsa kampaniyi chindapusa cha mapaundi 5.6 miliyoni mu 2023 ndi 10.5 miliyoni mu 2024 chifukwa chochedwetsa makalata, ndipo mu Julaye 2025 linalola kuti makalata a sitampa yotsika mtengo asamagawidwe Loweruka ndi kuti pakati pa sabata azigawidwa modumphitsa tsiku. Kusintha kotere kukafika muofesi kumatanthauza kujambulanso madera, kusuntha masiku opuma ndi kugawanso magalimoto, ndipo zonsezi zimakambidwa pakati pa bwana wa ofesi ndi rep. Dera lanu likakula mopitirira, wokakunenerani ndi yemweyo.

Ena amaopa kuti kulowa bungwe kungawadetsere mbiri kwa mabwana kapena kuwasokonezera mapepala okhalira m'dziko. Lamulo la 1992 lokhudza mabungwe a antchito limaletsa kuchotsa ntchito kapena kuzunza munthu chifukwa chakuti ndi membala, ndipo ufulu wolowa bungwe suyang'ana pasipoti. Kwa wolembedwa mokhazikika, ngakhale pa mfundo zatsopano zotsikazo, ndikuti alembetse m'sabata yoyamba, adziwane ndi rep wake maso ndi maso, ndipo asunge makalata onse a dokotala ndi mapepala a malipiro. Kwa waganyu wa masabata ochepa a Khirisimasi, amene ambiri amadzera ku Angard, kampani yolembera Royal Mail aganyu, phindu lake n'lochepa chifukwa nthawi imatha asanafune thandizo, pokhapokha ngati akuyembekeza kupitiriza chaka chikatembenuka. Ameneyo afunse kunthambi za mtengo wa antchito a maola ochepa asanasaine fomu.